Foni Yokhala M'kompyuta ya pa Nsipe

Zaka zimene ndinakhala pa Nsipe ndinali ndi kashopu kumbuyo kwa amayi ogulitsa tomato ndi kabichi, khomo lake loyang'ana msewu waukulu. Ndinkatayipa makalata, kufotokopa ziphaso ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemore. Kompyuta yanga inali yogula kwa munthu, chibokosi chakuda chimene ofesi ina ya ku Blantyre inatopa nacho. Ikayaka inkalira ngati chigayo cha kutali, ndipo fumbi la malole onse odutsa pamsewupo linkathera m'kati mwake. Sindinkaikonda, koma ndiyo inkandidyetsa.

Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi za makompyuta ndiye anandiikira pulogalamu yotchedwa emuleta. Ukaitsegula, pa sikirini pamatuluka chithunzi cha foni, ndipo chithunzicho chimagwira ntchito ngati foni yeniyeni, ya mtundu uja wopanda mabatani. Mapulogalamu a pafoni amalowamo bwinobwino. Kusiyana kwake n'kwakuti pamene ena amakhudza ndi chala, iwe umadina ndi mausi. Mnzangayo ankaseweretsapo magemu a mpira. Ine magemu sandikoka mtima, choncho chinthucho chinangokhala osachigwira mpaka tsiku limene kunabwera mayi wa kachewere.

Anali mayi wa ana awiri, wa msinkhu wa mlongo wanga wamng'ono. Kwawo kunali kuchigwa, kwa alimi a mpunga, koma anakwatiwa kumapiri a ku Biriwiri ndipo ankakhala kwa mwamuna, khomo loyandikana ndi la apongozi ake. Ku Biriwiri kachewere ali ndi aliyense, ndiye tsiku la msika ankakweza matumba ake pa minibasi kudzagulitsa kwathu kuno. Mwamuna wake anali ku Joni, kumene ankalondera pageti pa kampani ina. Mayiyo anali ndi kafoni ka mabatani komanga ndi mphira, ndipo ku Biriwiriko kafoniko nthawi zambiri kankakoka netiweki ya ku Mozambiki, yomwe imameza mayunitsi munthu asanamalize kupereka moni. Mwamunayo anamuuza kuti apeze njira yolowera pa pulogalamu ya mauthenga ija imene anthu onse a ku Joni amalankhulirapo ndi kwawo.

Anandipatsa kafoniko ndi manja awiri n'kupempha kuti ndimuikiremo pulogalamuyo. Ndinamuuza kuti sizingatheke, kafoniko mutu wake ndi waung'ono. Sanatsutse, koma sanachokenso. Anangoima pakhomo akuyang'ana pansi, ngati munthu amene wauzidwa kuti basi yomaliza yapita. Apa m'pamene ndinakumbukira chinthu cha mnzanga chija.

Tinalembetsa nambala yake mu foni ya m'kompyuta. Manambala otsimikizira anafikira mu kafoni kake ndipo anandiwerengera mmodzimmodzi. Kulemba sankakonda, choncho ndinamuonetsa kutumiza mawu. Ndinamuveka mahedifoni okhala ndi kolankhulira, ndinamusonyeza podina, ine n'kutuluka kukaima pakhonde. Imeneyo inakhala njira yathu. Akalowa, ine kunja. Ndinkangomuona msana, atatembenukira kukhoma, dzanja lili pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Kamera kompyutayo inalibe, moti mwamunayo akaimba kuti aonane nkhope, kwa iye kunkangooneka mdima.

Mbiri inamveka, ndipo panabwera amayi enanso angapo amene amuna awo anali ku Joni. Aliyense ndinkamupangira foni yakeyake m'kompyutamo, kuiyatsa akabwera, kuizimitsa akapita. Koma ya mayi wa kachewere inali ndi khalidwe lake. Tsiku lina inakana kudzuka. Kamzere kosonyeza kuti ikuyaka kanafika pafupi ndi kumapeto n'kuima pomwepo, ndipo mayiyo anadikira mpaka minibasi zinayamba kusowa. Itayaka, anamvetsera mauthenga ake mothamanga, ndipo potuluka anandiuza mawu amene ndimawakumbukirabe.

"Achimwene, musamaizimitse. Uthenga ungadzafike n'kupeza pakhomo palibe munthu."

Ndinamufotokozera kuti uthenga subwerera, umadikira mpaka foni itayaka. Anagwedeza mutu mmene alimi amagwedezera kwa mlangizi, kenako anabwereza pempho lake lomwelo. Kwa iye, kusiya khomo lotseka mwamuna akugogoda kunali kupanda ulemu. Ine ndinaona kuti zindipepukiranso, chifukwa kuyatsa chinthucho kunali kuvutana nacho. Kuyambira pamenepo, ndikatsegula shopu m'mawa ndinkayatsa foni yake, n'kuisiya pakona pa sikirini, itatseguka pa macheza a iye ndi mwamuna wake. Pamwamba pake ndinkatsegula ntchito zanga n'kumatayipa. Ndinkaizimitsa potseka madzulo, kapena magetsi akathima inkazima yokha. Lamulungu sindinkatsegula.

Pulogalamu imeneyo ili ndi kachizolowezi kamene aliyense amakadziwa. Ikakhala yotsegula, imalemba pansi pa dzina la munthu kuti ali onilaini, kutanthauza kuti foni ili m'manja ndipo akuyang'anamo. Uthenga ukafika macheza ali otsegula, timizere tiwiri ta pambali pake timasanduka tabuluu, kusonyeza kuti wawerengedwa. Zonsezi zinkachitika pakona pa sikirini yanga, kuseri kwa makalata ofunsira ntchito ndi mapulogalamu a maukwati.

Mlonda wa pageti ali ndi nthawi yambiri yoyang'ana mu foni. Zimene zinachitika kumbali yakeyo ndinazimva pambuyo pake, koma ndizinene pano. Mwamunayo ankaona mkazi wake ali onilaini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Akalemba moni, timizere tinkasanduka tabuluu nthawi yomweyo, koma yankho linkabwera tsiku la msika. Akaimba, palibe woyankha, popeza sipika yanga inkakhala ikuliza nyimbo zoitanira makasitomala. Lamulungu mkaziyo sankaoneka n'komwe, ndipo iye anamasulira kuti tsikulo amabisa foni chifukwa amakhala ndi apongozi kutchalitchi. Anaphatikiza zonsezi n'kupeza yankho limodzi, lakuti pali mwamuna wina amene wamugulira foni yabwino ndipo amacheza naye tsiku lonse. Koma iye sanamufunse mkazi wakeyo. M'mauthenga ake ankalankhulabe za feteleza ndi za chifuwa cha mwana. Amene anawaimbira ndi mayi ake ndi malume ake.

Tsiku lina mkaziyo akuchokera kudimba anapeza achibale a mwamuna ali m'nyumba mwake. Anali atakhuthula dengu la ufa, atatembenuza matiresi, atamasula mipukutu ya zitenje. Wina anakwera pampando n'kumasolola udzu wa denga, chifukwa m'denga ndimo anthu amabisamo zinthu. Ana ake awiri anali ataima pabwalo akuonerera. Foni sanaipeze. Atamufunsa, iye ananena zoona, kuti foni yake ili m'kompyuta ku Nsipe, kwa bambo wina wa shopu. Yankho limeneli linali ngati kuthira palafini pamoto, chifukwa tsopano mwamuna wogula foni uja anali atapezeka, ndipo anali ine.

Nkhani inapita kwa ankhoswe. Ukwati wawo unali wa malowolo, ng'ombe zinaperekedwa, ndipo mwambo wake ngodziwika. Mkazi akapezeka wolakwa pa nkhani yotere amabwerera kwawo yekha, ana amatsala kwa bambo awo. Wamng'onoyo anali atangosiya kuyamwa.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinangoona kuti wadumphitsa misika iwiri, ndipo ndinaganiza kuti kachewere watha. Mkazi wanga ndiye anamva kwa amayi a tomato, amene nkhani za m'maluwa zimawafika zikadali zotentha. Sanandikalipire. Anangondifunsa ngati ndayamba kugulira anthu mafoni, pamene yake ili yosweka galasi. Ndinaseka, koma iye sanaseke.

Ankhoswe anabwera Lachitatu m'mawa, ndisanamalize kusesa. Kutsogolo kunali nkhoswe ya kuchimuna, malume ake a mwamunayo, bambo wachikulire wovala jekete la suti ndi magambuti. Pambuyo pake panali nkhoswe ya kuchikazi, mchimwene wake wa mayi wa mkaziyo, munthu wowonda wa kuchigwa amene anavala juzi ziwiri chifukwa cha mphepo ya kuno. Mayi wa kachewere anabwera pomaliza n'kukhala pansi pakhonde, atatambasula miyendo. Anali ataonda. Moni unatenga nthawi yake yonse, za kunyumba, za mvula, za ulendo. Kenako a magambutiwo ananena chimene abwerera, mosapsa mtima, ndipo anapempha kuti nditulutse foni ya mpongozi wawo.

Ndinasuntha makalata pa sikirini n'kuwaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali. Anati chithunzi cha foni achiona, koma iwo akufuna foni. Ndinafotokoza za emuleta mmene ndikanathera, kuti foniyo ilibe thupi, singaikidwe m'thumba, singatuluke m'shopu muno. Ndinkayembekeza kuti asokonezeka, koma iwo anafunsa funso limene ine sindinadzifunsepo.

"Chabwino, bambo. Ngati mwini wake amabwera pa msika pokha, amene amawerenga mauthenga masiku enawo ndani? Pajatu m'nyumba muno mumakhala inu nokha."

Ndinayankha kuti palibe amene amawerenga, chinthucho chimadzilembera chokha kuti chawerenga chikakhala chotsegula. Ndikulankhula choncho ndinadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza la mwana wakuba shuga. A magambuti anayang'ana mnzawo. A majuzi awiri anakhosomola n'kunena kuti kutsutsa galu n'kukumba, ndipo anafunsa ngati mwamunayo angapezeke pa foni nthawi yomweyo.

Anakonza okha mmene ziyendere, ine sanandifunse nzeru. Mayiyo anamutuma kuwoloka msewu kuti akakhale poyera pakati pa ogulitsa tomato, manja ali pamiyendo. Kafoni kake ka mabatani kanatsala m'thumba la jekete la a magambuti. Ine anandiuza kuti ndiimbire mwamunayo pa foni yanga, ndiike mawu pokweza, ndiwapatse, kenako ndikaime pakhomo manja ali kumbuyo. Ndinaima chomwecho m'shopu yangayanga, anthu odutsa akundiyang'ana.

Mwamunayo anayankha msanga. Malume ake anamuuza kuti ayang'ane mu foni mwake anene chimene akuona pa dzina la mkazi wake. Anati ali onilaini, monga mwa masiku onse. Anamuuza kuti alembe chilichonse. Pakona pa sikirini panatuluka mawu akuti "muli bwanji", akuluakulu awiriwo ataweramira pomwepo, mpando wa pakompyuta uli wopanda munthu. Mwamunayo anati timizere tasanduka tabuluu, wawerenga, ndipo mawu ake anali a munthu amene wagwira mbala.

A magambuti anandifunsa kumene chinthucho chimadyera magetsi. Ndinaloza ndi mlomo, popeza manja anali oletsedwa. Anawerama n'kuzula chingwe kukhoma. Mtima wanga unapweteka, chifukwa kompyuta yokalamba sizimitsidwa choncho. Kulira kwa chigayo kuja kunaleka. Tinadikira pang'ono, ndipo mwamunayo ananena kuti tsopano wachoka.

"Wachoka ndani?" anatero malume ake. "Mkazi wako ndikumuona ndi maso angawa, ali tsidya la msewu, manja ali pamiyendo. Iwe miyezi yonseyi udali kulondera chibokosi cha bambo awa."

A majuzi awiri anafunsa mofatsa ngati masiku ena mkaziyo ankasowa masana mwadzidzidzi n'kudzaonekanso madzulo. Mwamunayo anavomera. Anamuuza kuti amenewo anali magetsi a pa Nsipe.

Ankhoswe anakakambirana okha kuseri kwa shopu, ndipo sanachedwe. Mlandu panalibe. Mayiyo abwerera kunyumba kwake ndi kwa ana ake, akuchimuna apereka nkhuku yopepesera kwa akuchikazi, ndipo denga alikonza iwo amene analisasula. Kwa ine a magambuti anati ndiwakhululukire pondiimika ngati wakuba, ndipo pochoka anagula nyimbo za kwaya. Mwamunayo anali akadali pa foni. Anati wamva, anati zinthu za netiwekizi zimasokoneza anthu ambiri, ngakhale anzake kumeneko zinawachitikirapo. Analonjeza kuti atumiza foni yeniyeni ndi amalole obweretsa katundu. Kenako anapempha kulankhula ndi mkazi wake. Mayiyo analandira foni yanga ndi manja awiri, anamvetsera, anati "ndamva", n'kundibwezera. Ine ndinali pafupi, ndipo mawu akuti pepani sindinawamve.

Kompyuta inakana kuyaka mpaka masana, ndipo tsikulo ndinabweza makasitomala. Itayaka, ndinayatsanso foni ya mayiyo, koma tsopano ndinkaitseka pulogalamuyo kuti isamanamize anthu.

Pa msika wotsatira mayiyo anabwera. Ndinanyamuka kuti nditulukire pakhonde monga kale, mahedifoni ndili nditamuikira pa tebulo. Sanakhale pampando. Anafunsa ngati foniyo ingachotsedwe m'kompyutamo, yonse, osatsala kanthu. Ndinamuuza kuti ingachotsedwe, koma muli mauthenga atsopano a mwamuna wake amene sanawamve, ataliatali. Ndinamukumbutsanso kuti akale onse apita nawo, ngakhale uja mwamunayo anaimbira mwana nyimbo, umene iye ankaubwereza nthawi zonse akabwera. Ndinamuuza kuti mlandu unatha, ndipo vuto lija ndalikonza.

"Adasasula denga langa ana akuona," anatero. "Amuna anga aja ndinkalankhula nawo sabata iliyonse, pampando pomwepa. Sadandifunse ngakhale kamodzi. Fufutani, achimwene."

Ndinamva chisoni, ndipo china chinali cha ine mwini. Pa zinthu zonse zimene chibokosi chija chinachita, imeneyo ndiyo ntchito imene ndinkainyadira. Koma foni inali yake. Ndinadina pofufutira, kompyuta inafunsa m'Chingerezi ngati ndatsimikiza, ine ndinamufunsa iye m'Chichewa, iye anavomera ndi mutu. Chinthu chimene chinkavuta chotere kuyatsa chinachoka mosavuta n'komwe. Anafuna kundilipira, ndinakana, ndipo madzulo ndinapeza kabeseni ka kachewere pakhonde.

Patapita masabata, mwamunayo anayamba kuimbira ine, popeza nambala yanga inatsala mu foni mwake. Ankafunsa chifukwa chake mkazi wake sakuonekanso, ngati ali bwino, ngati ndingamubwezeretse. Dandaulo lake linali lomwe lija, kungoti latembenuka. Ndinamuuza kuti ine ndimatayipa makalata, za m'banja zili ndi ankhoswe. Uthenga wake ndinaupereka ndithu, ndipo mayiyo anati mwamunayo akafuna kudziwa kumene iye ali, ali pamene anamusiya, ndipo njira ya kwawo akuidziwa.

Amayi ena aja anapitiriza kubwera kwa kanthawi. Kenako mafoni anatsika mtengo, aliyense anapeza yake, ndipo emuleta inabwerera ku magemu a mpira. Mayi wa kachewere ankabwerabe pa msika uliwonse. Tinkapatsana moni, ana ake anakula ndikuwaona, wamkuluyo nthawi zina ankamuthandiza kutsitsa matumba. M'shopu sanalowenso.

Tsiku lina ndikugula kachewere kwa iye ndinamufunsa ngati foni ya ku Joni ija inafika. Anati inafika kalekale, yabwino, yokhala ndi kamera kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinafunsa chifukwa chake sindimamuona nayo. Anapitiriza kusankha kachewere wamkuluwamkulu n'kumaika m'jumbo mwanga.

"Ili ndi apongozi," anatero. "Ndidawapatsa kuti asunge, ikadali m'bokosi mwake. Tsiku lina akadzaifuna, asadzavutikenso kukwera padenga."

Anawonjezera awiri a basera, n'kumanga jumbo.